Aphunzitsi Opanda Choko

M'chaka cha 1981, gulu la ophunzira ndi aphunzitsi a ku Chancellor College linanyamuka ku Zomba ulendo wautali wa ku Mbalachanda, m'boma la Mzimba. Gululi, lotchedwa Travelling Theatre, linali litazungulira kale dziko kwa zaka zingapo, koma nthawi zambiri linkanyamula masewero a Chingerezi, olembedwa ndi kulowezedwa pamtima, okaonetsa kwa ana a sekondale. Ulendo uno sewero anakalipangira komweko, kuchokera pa zimene anaona ndi kumva kwa alimi ndi alangizi, ndipo linatuluka m'chilankhulo cha kuno kwathu. Pakati pa otsogolera ntchitoyi panali Chris Kamlongera ndi David Kerr wa ku Britain, anthu awiri amene mayina awo sasowa pomwe pakukambidwa mbiri ya zisudzo zachitukuko m'Malawi.

Nzeruyi inali itayamba kale kufala m'maiko oyandikana nafe. Ku Botswana ntchito ya Laedza Batanani inayamba mu 1974, kusonkhanitsa anthu a m'midzi kuti akambirane mavuto awo kudzera m'masewero, nyimbo ndi magule. Ku Zambia gulu la Chikwakwa la pa yunivesite linkatengera zisudzo kumidzi. Ambiri ochita ntchito zoterezi ankamwa pa maganizo a Paulo Freire wa ku Brazil, amene ankatsutsa maphunziro oti mphunzitsi azingothira mawu m'mutu mwa wophunzira, komanso a mnzake Augusto Boal, katswiri wa zisudzo.

Boal anaphunzira ntchitoyi movutikira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, gulu lake la ku São Paulo linkayenda kumpoto chakum'mawa kwa Brazil ndi masewero olimbikitsa alimi osauka kumenyera malo. Tsiku lina atamaliza kuimba zokhetsa mwazi, mfuti zili m'manja, mlimi wina wokhudzidwa mtima anawapempha kuti atsagane nawo kukalimbana ndi mwini esiteti. Azisudzowo anaulula kuti mfutizo zinali zoseweretsa, ndiponso kuti iwo sakanapita nawo. Mlimiyo anazindikira pomwepo kuti mwazi woimbidwa m'nyimbomo unali wa alimi okha. Boal anasiya kuuza anthu zochita. M'malo mwake anakonza njira yoti sewero liziima pamene zinthu zafika povuta, woonerera alowe m'bwalo, atenge malo a wozunzikayo ndi kuyesa yekha njira yotulukira.

Kuno kwathu njirayi inazika mizu ku Liwonde. Kuyambira mu 1985, nthambi yoona zaumoyo wa kumidzi kumeneko, mothandizidwa ndi bungwe la GTZ la ku Germany, inaitana azisudzo a ku Chancellor College kuti agwire nawo ntchito m'madera monga Mwima. Matenda ovutitsa anali odziwika: kutsegula m'mimba, malungo, likodzo. Uphungu wokumba zimbudzi ndi kusamala zitsime unali utaperekedwa kambirimbiri pamisonkhano. Chimene azaumoyo ankafuna kudziwa n'chakuti, nanga bwanji anthu ankangovomera ndi mutu kenako n'kubwerera kunyumba osasintha kanthu?

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni ya mphunzitsi wa zisudzo, ndipo gawo lalikulu la ntchitoyo oonerera saliona. Amafika pamudzi kudakali masiku sewero lisanachitike. Amayamba walonjera mfumu ndi kufotokoza chimene wadzera. Amagona pamkeka m'nyumba imene wapatsidwa, amadya zimene eni khomo akudya, amapita nawo kudambo, kuchigayo ndi kuchitsime. Sanyamula pepala la mafunso, chifukwa munthu akaona cholembera amayankha zokondweretsa mlendo. Amangocheza. Pocheza paja m'pamene amamva kuti chimbudzi chinagwa ndi mvula chifukwa dothi n'lamchenga, kuti ndalama zimene anthu anasonkha zokonzera chitsime sizinaoneke komwe zinalowera, kuti amayi amadziwa gwero la vuto koma pamsonkhano salankhula apongozi ali pomwepo. Madzulo gulu lonse limakhala pansi kusanthula zimene lamva, kusankha nkhani imodzi, kugawana mbali, ndi kuphunzira nyimbo za m'deralo. Mayina enieni amasinthidwa kuti pasapezeke wochititsidwa manyazi, koma nkhaniyo eni mudzi ayenera kuizindikira kuti ndi yawo.

Tsiku la sewero ng'oma ndi imene imaitana anthu. Palibe nsanja kapena nsalu yotchinga. Anthu amapanga bwalo pansi pa mtengo, amayi mbali yawo, abambo mbali yawo, ana kutsogolo pafumbi. Tiyerekeze kuti nkhani ndi ya chitsime. Mayi akutulukira ndi chidebe pamutu, mwana wodwala kumbuyo. Mwamuna wake wakhala pampando, wailesi pakhutu.

"Bambo a mwana, mwanayu wachezera kutsegula m'mimba. Madzi a pachitsime paja akununkha."

"Nanga chitsimecho ndinakumba ndine? Kawauze a komiti."

Anthu amaseka, chifukwa bambo wotereyu akumudziwa. Mkangano ukakula, wosewera mbali ya mayi uja sapitiriza. Amatembenukira kwa gogo wina amene wakhala akung'ung'udza chapansipansi n'kufunsa: "Agogo, mwamva mmene andiyankhira bambowa. Inu mukanakhala ine mukanatani?" Kenako amakhala chete.

Kukhala chete kumeneku n'kovuta kuposa kuloweza mawu. Wosewera wachinyamata, wophunzira ku koleji, yankho ali nalo kale m'mutu, ndipo lilime limamuyabwa. Akalitulutsa, bwalo lasanduka kalasi ndipo anthu ayambanso kuvomera ndi mutu. Akadikira, gogo uja amayankha, bambo wina amamutsutsa, mayi wina amaimirira kunena zimene sakananena pamsonkhano wa mfumu, poti pano akudzudzula munthu wa m'sewero, osati mnansi wake. Mphunzitsi waluso amabweza funso lililonse kwa eni ake, amateteza wamanyazi kuti asaponderezedwe ndi olongolola, ndipo amadziwa nthawi yoyambitsa nyimbo mitima ikatentha. Amalawi sanavutike kuilandira njirayi. Pa nthano, wokamba akati "Padangokhala," omvera amayankha "Tili tonse," ndipo pabwalo la milandu aliyense wopatsidwa mpata amaponyapo mawu. Ku Liwonde zokambirana zotere zinkathera pa kusankha makomiti a zaumoyo a m'mudzi ndi kugwirizana tsiku loyamba ntchito.

Tisaiwale kuti zonsezi zinkachitika mu ulamuliro wa chipani chimodzi. Lamulo la 1968 linkafuna kuti sewero loonetsa pagulu liyambe lavomerezedwa ndi bungwe la boma lounika mabuku ndi zisudzo. Pamsonkhano uliwonse wa m'mudzi tcheyamani wa chipani sankasowa. Mu 1987 mlakatuli Jack Mapanje, mphunzitsi wa pa koleji yomweyo, anamangidwa popanda kuzengedwa mlandu ndipo anatuluka mu 1991. Munthu wofunsa anthu wamba kuti "vuto lili pati?" m'masiku amenewo ankayenda mosamala kwambiri, pakuti yankho loona nthawi zina linkaloza kwa akuluakulu.

Zinthu zitasintha mu 1994, ntchitoyi inachuluka. Boma litachotsa fizi ku pulayimale, kampeni ya GABLE yolimbikitsa maphunziro a atsikana inagwiritsa ntchito kwambiri zisudzo za m'midzi, ndipo kuchokera mu ntchito imeneyo munabadwa bungwe la CRECCOM ku Zomba mu 1999. Mliri wa Edzi unabweretsa timagulu ta zisudzo m'masukulu ndi m'zipatala zambiri.

Kuchulukako kunadza ndi vuto lake, ndipo aphunzitsi a zisudzo ambiri amalidandaula poyera. Bungwe lopereka ndalama limabwera ndi uthenga wolemba kale ku ofesi, gulu limatsika pagalimoto masana, kuseketsa anthu, kutchula uthengawo, kujambula zithunzi za lipoti, dzuwa lisanalowe labwerera kutauni. Mafunso amafunsidwa ndithu, koma ndi mafunso oti yankho lake ndi limodzi lokha. Zoterezi n'kulalikira chabe, ndipo anthu a kumudzi amazizindikira msanga. Kamlongera ndi Kerr omwe analemba mochenjeza za ngozi yoti zisudzo zisanduke cholankhulira cha mabungwe. Palinso nkhani ya malipiro: achinyamata ambiri ochita ntchitoyi amadalira alawansi ya tsiku limenelo, pulojekiti ikatha gulu limabalalika, ndipo sipapezeka wobwerera kukaona ngati chitsime chija chinakonzedwa.

Ena asankha kuika luso limeneli m'manja mwa anthu amene sachoka pamudzi. Bungwe la Theatre for a Change, limene linayamba ntchito m'Malawi mu 2007, lakhala likuphunzitsa njirayi m'makoleji a zauphunzitsi. Mphunzitsi wotuluka kumeneko akapatsidwa kalasi ya ana oposa 100, mabuku osakwanira, amatha kuwatulutsa panja n'kupanga bwalo. Mtsikana mmodzi amasewera mwana amene akuvutitsidwa ndi bambo wachikulire panjira ya kusukulu, sewero limaima, ndipo anzake amalowa mmodzimmodzi kuyesa mawu okanira ndi kutchula munthu amene angakamuuze, mpaka belu litalira.