Mbewa ya Makedzana ndi Umboni wa Mano Ace

Amuna ambiri a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe amene anapita ku Joni adziwa dera la Rustenburg, kumene kuli migodi ya platinamu. Mwala umene akumba kumeneko unali wosungunuka ndi moto pansi pa dziko zaka zoposa mamiliyoni 2,000 zapitazo, ndipo cifukwa cace mulibe fupa ngakhale limodzi m'kati mwace. Koma munthu akaoloka mapiri a Magaliesberg ndi kulowera cakum'mwera kotsamira kum'mawa, afika ku dziko la mwala wa laimu, umene madzi anauboola nasiya mapanga. Mapanga ochuka ndiwo Sterkfontein ndi Swartkrans. M'menemo munasungika mafupa a mtundu wa mbewa umene sulinso pa dziko lapansi.

Dzina lace ndi Proodontomys, ndiko kunena kuti mbewa ya mano oloza kutsogolo. Katswiri T. N. Pocock ndiye anaicha dzinali m'caka ca 1987. Mafupa ace apezekanso ku Makapansgat, kumpoto kwa dzikolo. Mbewayi inali ndi moyo zaka zoposa 1,000,000 zapitazo. Aliyense wokumba mbewa m'cilimwe adziwa kuti mano akutsogolo a mbewa apindikira pansi. Mano a iyi anaturukira kutsogolo, monga acitira mano a mfuko, imene ikumba nthaka ndi mano.

Kodi mafupa ang'ono otere analowa bwanji m'phanga? Anawatuta ndi kadzidzi. Mbalameyi imeza mbewa yathunthu, ndipo pambuyo pace ilavula ubweya ndi mafupa pansi pa malo amene igona. Akadzidzi anakhala pa makomo a mapanga mibadwo yosawerengeka. Zolavula zao zinakokoloka ndi mvula, zinasanganikana ndi dothi, ndipo madzi a laimu anaziumitsa kufikira zinasanduka mwala.

Oyamba kuswa mwalawo sanali ophunzira ai, koma okumba laimu, amene anayamba nchito ku Sterkfontein m'zaka za m'ma 1890, pakuti migodi ya golidi inafuna laimu wambiri. Zophulitsira zao zinaononga mafupa osawerengeka, komanso zinaulula zimene zinabisika. Potsata mapazi ao, Dr. Robert Broom anapeza kumeneko mafupa a Australopithecus, colengedwa coyenda coongoka conga munthu, m'caka ca 1936, napezanso cigaza pafupifupi cathunthu m'caka ca 1947. Masiku ano akatswiri aviika mwalawo m'asidi wonga wa viniga. Mwala usungunuka pang'onopang'ono, mano atsala m'sefa, ndipo awasankha limodzilimodzi pansi pa galasi lokulitsa zinthu.

Wina angafunse kuti: phindu la dzino la mbewa n'ciani pamene pali cigaza ca conga munthu? Yankho lace alidziwa bwino anyamata a kumudzi. Mbewa siyenda ulendo wautali, ndipo mtundu uliwonse uli ndi malo ace: ina ikonda dambo, ina miyala, ina chire la udzu. Kadzidzi nayenso asaka pafupi ndi pogona pace. Kotero powerenga mitundu ya mbewa m'mwala, akatswiri adziwa ngati pamalopo panali nkhalango, udzu kapena madzi. Cigaza cinena amene anakhalapo. Mbewa zinena dziko limene iye anakhalamo. Umboni wa mbewa za m'cigwa ca Sterkfontein uonetsa dziko la udzu wambiri, lokhala ndi mitengo ndi madzi m'mbali mwa mtsinje.

Proodontomys anasiya mbale wace mmodzi, Mystromys, mbewa ya mcira woyera, imene ikhala m'udzu wa ku South Africa ndi Lesotho kokha. M'mwala wa mapanga aja mano a Mystromys ali ambirimbiri, koma lero mbewayi yasowa ndithu, pakuti udzu wace ukutha ndi makasu, ziweto ndi migodi. Mapangawo anaikidwa m'caka ca 1999 pa mndandanda wa UNESCO wa malo oyenera kusungidwa ndi dziko lonse. Mafupa a mbewa yakufa atetezedwa tsopano ndi lamulo. Yamoyo ija idzapulumuka pokhapokha anthu akaisiyira udzu wokhalamo.