Osaka mafayilo pa Boma la Chadiza

Pa Boma la Chadiza, monga m'matauni ena a kum'mawa kwa Zambia, pali timashopu tokhala ndi kompyuta imodzi ndi makina a fotokope. Ogwira ntchito m'menemo, ambiri achinyamata, amataipa makalata ofunsira ntchito, amachita fotokope ziphaso za NRC, amaikanso nyimbo ndi mafilimu m'mamemori a mafoni. Obwera kudzathandizidwa ndi aphunzitsi, alembi a makopaletivi amene akukonza maina a alimi olandira feteleza wa FISP, ndi anthu a m'midzi ya kwa Mlolo, Zingalume ndi Mwangala.

Ambiri amayesa kuti katswiri pantchitoyi ndi wotaipa msanga. Ine ndimaona kuti katswiri ndi wodziwa kupeza chimene anasunga. Mayi amafika n'kunena kuti, "Mwanawe, ndifuna kalata ija unandilembera chaka chatha." Kalatayo ili pakati pa mafayilo masauzande, pamzere pali anthu, magetsi akhoza kuzima nthawi iliyonse.

Njira zopezera fayilo zilipo ziwiri, ndipo wozisokoneza amataya nthawi. Kusefa kumachitika m'foda imene watsegula: ukalemba *.mp3, zina zonse zimabisika, zimatsala nyimbo zokha. Kusaka kumalowa m'mafoda onse mpaka pansi, ndipo kukhoza kuyang'ana ngakhale mawu olembedwa m'kati mwa fayilo. Ukadziwa foda, sefa. Ukaiwala kumene unaika, saka.

Mashopu ambiri amadalira Windows ndi mausi. Koma alipo mapulogalamu osefera ndi kusakira mafayilo oyenda ndi kiyibodi yokha, pa sikirini ya zilembo zokhazokha, monga Midnight Commander imene Miguel de Icaza wa ku Mexico anayamba mu 1994 potengera Norton Commander ya mu 1986. Ndi yaulere, ndipo siilemetsa kompyuta yakale. Ndikanakonda achinyamata athu ataiphunzira, poti makina awo ambiri ndi ogula kale kwa ena.

Komabe palibe pulogalamu yopulumutsa munthu amene makalata ake onse anawatcha Document1. Wosamala amalemba dzina la mwini, mtundu wa kalata ndi chaka. Amadziwanso chofufuta: chithunzi cha NRC ya munthu sichiyenera kugona m'kompyuta ya shopu mwiniwake atapita, chifukwa aliyense wokhala pampandopo akhoza kuchipeza ndi kuchigwiritsa ntchito molakwika.