Penti wosawala pa njinga yamoto: zoyenera kudziwa musanachotse wakale

ULÓNGUÈ — Pa masiku a msika m'maboma a m'malire, ku Ulónguè, ku Calómuè, ku Zóbuè, ku Milange ndi ku Mandimba, njinga zamoto zimandandalika m'mbali mwa msewu kudikira anthu ndi katundu. Zambiri mwa njingazi, za Lifan, Boxer kapena TVS, n'zofiira, zabuluu kapena zakuda zonyezimira monga zinachokera ku fakitale. Koma pakati pake pamapezeka zina zooneka mwachilendo: zakuda ngati makala kapena zotuwa ngati phulusa, zosanyezimira ngakhale dzuwa litaswa mtengo. Ameneyu ndi penti wosawala, ndipo anyamata ena akumusirira.

Kwa munthu wa kumudzi njinga yamoto si choseweretsa. Ndi ndalama za fodya, za mbatata ya kachewere kapena za chimanga cha zaka zingapo. Ndiyo imathamangitsa wodwala ku chipatala, ndipo kwa wakabaza ndiyo imadyetsa banja. Choncho amene akufuna kuisintha maonekedwe ayenera kudziwa chinthu chimodzi: penti wosawala sakhululuka. Cholakwika chilichonse chimatsala poonekera, ndipo kuchikonza n'kuyambiranso ntchito yonse.

Kusawalako kumachokera kuti

Penti wonyezimira akauma amasalala ngati galasi, ndipo kuwala kukafika pamenepo kumabwerera mbali imodzi, kulunjika m'maso. Mu penti wosawala amathiramo ufa wosalala kwambiri, kawirikawiri wochokera ku mwala wa mtundu wa mchenga. Pouma, ufawo umasiya timabampu tosaoneka ndi maso, ndipo timeneti timamwaza kuwala mbali zonse. Ndi chifukwa chake thanki yotero siionetsa nkhope ya munthu.

Penti wamtunduwu si watsopano. Asilikali akhala akupaka magalimoto awo penti wosawala kwa zaka zambiri kuti asaonekere patali dzuwa likawala, ndipo akuluakulu amene anaona nkhondo yomwe inatha mu 1992 akukumbukira malole obiriwira osanyezimira aja. Pambuyo pake opanga magalimoto ndi njinga zamoto anamusandutsa fashoni. M'masitolo, pa chitini pamalembedwa mawu akuti mate kapena fosco m'Chipwitikizi, ndipo zitini zochokera ku Malawi kapena ku South Africa zimalembedwa matt.

Timabampu tija ndito gwero la kukongola, ndito gweronso la mavuto. Penti wonyezimira akagwera fumbi kapena akakandika, wopaka amasalaza ndi sandipepa wofewa n'kupukuta ndi polishi mpaka chilema chitatha. Pa penti wosawala zimenezi sizitheka. Kupukuta kumafafaniza timabampu, ndipo pamalopo pamatsala banga lonyezimira ngati dazi.

Njira zachidule zimene zimawononga

Pofuna kupulumutsa ndalama, munthu angaganize zotenga penti wa bolodi la kusukulu kapena wopaka nyumba, poti nayenso sanyezimira. Penti ameneyu sanapangidwire chitsulo choyenda pa dzuwa, pa mvula ndi pa matope, ndipo sachedwa kusupuka. Wina amapaka penti wa pansi yekha, uja amatchedwa primário, n'kuleka pomwepo poona kuti njinga yatuwa bwino. Koma mitundu yambiri ya penti wa pansi imamwa chinyezi, kotero dzimbiri limayamba mwakachetechete kunsi kwake. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mdani wamkulu ndi petulo. Zitini zambiri zopopera zotsika mtengo zili ndi penti amene amauma thina akangouluka. Petulo akadonthera pa penti wotere amamufewetsa n'kusiya mzere woyera kapena makwinya. M'midzi momwe petulo amathiridwa kuchokera m'mabotolo ndi m'zigubu, kudontha pa thanki n'kwa tsiku ndi tsiku. Penti amene amapirira petulo ndi uja amasakanizidwa ndi mankhwala olimbitsa asanapopere, wolembedwa 2K pa chitini. Ndi wodula, koma pa thanki ndiye woyenera.

Ntchito yeniyeni ili pokonzekera

Odziwa ntchitoyi amathera nthawi yambiri pa sandipepa kuposa pa kupopera. Choyamba amamasula thanki, madigadi ndi zivundikiro za m'mbali. Kupopera njinga ili yathunthu kumathimbiriza matayala, mawaya, mabuleki ndi magalasi. Petulo yense amakhuthulidwa, ndipo thanki imasiyidwa pa mphepo itatsegulidwa. Thanki yopanda petulo si yopanda ngozi: mpweya wotsalira m'kati ukhoza kuphulika ukakumana ndi moto. Ndudu, mbaula ndi makina owotcherera zitsulo zikhale kutali.

Kenako zonse zimatsukidwa ndi sopo kuti girisi ndi oyilo zichoke. Penti sagwira pa mafuta, ngakhale a m'zala za munthu. Zomata zakale zimachotsedwa pamodzi ndi ulimbo wake.

Sandipepa ali ndi manambala kumsana kwake. Nambala ikachepa ndiye kuti ndi wokhakhala, ikakula ndiye kuti ndi wofewa. Wa 80 mpaka 120 ndi wochotsera dzimbiri kufikira chitsulo chitayera. Wa 320 kapena 400 ndi wosalazira mikwingwirima imene woyambayo wasiya. Pamene pali popindika pamamatidwa phala lotsekera, n'kulisalaza likauma. Zikatero amapopera penti wa pansi, ndipo akauma amamusalaza ndi sandipepa wa 600 kapena 800, womanyowetsa ndi madzi. Ngati penti wakale ndi wolimba ndipo palibe dzimbiri, sikofunika kumupala yense. Kungomukhakhalitsa kuti watsopano agwire n'kokwanira.

Zipangizo za pulasitiki zili ndi vuto lawolawo. Zimapindika njinga ikamayenda, ndipo penti wamba amasweka n'kuyoyoka. Zimafuna penti wa pansi wake wa pulasitiki. Ekizozi nayo imatentha kwambiri, kotero imafuna penti wopirira kutentha, amene pa chitini chake pamalembedwa madigiri monga 600. Penti wamba akapakidwa pamenepo amapsa n'kutuluka utsi pa ulendo woyamba.

Kupopera kwake

Ufa woletsa kuwala uja umakhazikika pansi pa chitini. Chitini chopopera chiyenera kukhutchumulidwa kwa mphindi ziwiri kapena kuposerapo, ndipo penti wothira mu mfuti ya kompuresa atakasidwe mpaka pansi. Wopanda kutero amapeza mbali imodzi ya thanki ikunyezimira, ina ili mbuu.

Dzanja likhale pa mtunda wa masentimita 20 mpaka 25 kuchokera pa chitsulo, likuyenda mofanana, osaima pakati. Mzere uliwonse uziphimba theka la mzere wapitawo. Pomwe penti wachuluka pamayenderera ndipo pamawala kuposa pena. Pomwe wachepa, kapena pomwe wopaka anaima patali, pamakhakhala ngati lilime la ng'ombe. Ndi bwino kupopera mopyapyala kawiri kapena katatu, n'kumadikira mphindi 10 mpaka 15 pakati, kapena monga chitini chikunenera. Ndi nzeru kuyesa kaye pa lata lakale.

Nyengo nayo ili ndi mawu pa ntchitoyi. M'dzinja, chinyezi cha mu mpweya chimasiya chifunga choyera pa penti. M'mawa wa June ndi July, pa mapiri a Angónia ndi Tsangano, kuzizira ndi mame zimachedwetsa kuuma. Kuyambira August mphepo imanyamula fumbi, ndipo dzuwa la October limaumitsa penti asanayale bwino pa chitsulo. Chofunika ndi tsiku louma, lopanda mphepo, pa mthunzi, pamalo podutsa mpweya. Kuwaza madzi pansi kumagoneka fumbi.

Pakatha ola penti amaoneka ngati wauma, koma m'kati akadali wofewa. Thanki isalandire petulo kapena katundu msanga. Kudikira sabata yathunthu kumapulumutsa ntchito yonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wakabaza awerengeretu masiku amenewa, chifukwa njinga yoima siibweretsa ndiwo pakhomo.

Mapapo a wopaka

Mankhwala olimbitsa penti wa 2K ndi oopsa akalowa m'mapapo. Akhoza kuyambitsa mphumu yosatha ngakhale kwa munthu amene sanadwalepo. Mpango kapena kansalu kophimba pakamwa sikawatchinga. Pamafunika chophimba kumaso chopangidwira opopera penti, magolovesi ndi zovala zophimba thupi. Amene alibe zimenezi angachite bwino kupereka thanki kwa mmisiri amene ali nazo. Ana, amayi oyembekezera, ziweto ndi chakudya zikhale kutali ndi malo opoperawo. Thina si wosambira m'manja, ndipo chitini chopopera chikatha chisaponyedwe pa moto, chifukwa chimaphulika.

Mapepala a njinga

Pali nkhani ina imene imaiwalika mpaka tsiku lokumana ndi apolisi a pamsewu. Chikalata cha njinga, livrete, chimafotokoza njingayo, ndipo mtundu wake ndi chimodzi mwa zolembedwamo. Bulu buku ya ku Malawi nayonso imatero. Ngati pepala likuti yofiira pamene njinga ndi yakuda, mwini wake ali ndi zoti afotokoze, pa msewu ngakhalenso pa chipata cha m'malire monga cha Calómuè ndi Dedza, cha Zóbuè ndi Mwanza, cha Milange ndi Muloza kapena cha Mandimba ndi Chiponde. Kusintha mtundu ndi njira imodzi imene akuba amabisira njinga, kotero wapolisi akaona penti watsopano amayang'anitsitsa.

Malamulo a pamsewu a dziko lino, Código da Estrada, anakhazikitsidwa mu 2011, ndipo bungwe loyang'anira kalembera wa magalimoto ndi INATRO. Amene akufuna kusintha mtundu ayambe wafunsa kumeneko, kapena ku ofesi imene inapereka mapepala a njinga yake, penti asanagulidwe. Safunsa anadya phula. Popaka, nambala ya felemu ndi ya injini ziphimbidwe ndi tepi kuti zisakwiririke. Nambala yosawerengeka imabweretsa chikayiko chachikulu kuposa mtundu wosintha.

Tsiku logulitsa njinga nkhaniyi imabweranso. Wogula wochenjera akaona penti wosakhala wa ku fakitale amaganiza za ngozi kapena dzimbiri lobisika, ndipo amatsitsa mtengo.

Pa msewu usiku

Asilikali anasankha penti ameneyu kuti asaoneke. Woyendetsa njinga akufuna zosiyana ndi zimenezo. Pa msewu wa N7 wopita ku Zóbuè ndi pa misewu ina yopita ku malire pamadutsa malole akuluakulu usana ndi usiku, ndipo njinga yakuda bii, chisisira kapena m'chifunga, siionekera msanga. Magetsi, zonyezimira za m'mbali ndi za kumbuyo, ndiponso nambala ya njinga, zisapakidwe penti. Amene wasankha mtundu wakuda awonjezere tepi yonyezimira pa madigadi ndi pa chonyamulira katundu, avale chovala chowala, ndipo chipewa choteteza mutu chisatsale.

Kusamala kwake

Timabampu tija timagwira fumbi la katondo kuposa penti wosalala. Njinga yotere imatsukidwa ndi madzi ambiri, sopo wofewa ndi nsalu yofewa, popanda kukhula. Polishi wa galimoto, wa nsapato kapena oyilo zisayandikire. Petulo akadontha, nsalu ingogunditsidwa pamalopo kuti imwe, osapukuta. Zitosi za mbalame ndi utomoni wa mitengo zichotsedwe tsiku lomwelo.

Ngakhale posamala chotero, pomwe maondo amakhudza thanki, ndi pomwe zingwe za mphira ndi matumba zimakhula, pamayamba kunyezimira pang'onopang'ono. Njinga yonyamula matumba a mbatata, zigubu ndi nkhuni tsiku lililonse imaonetsa mabanga amenewa msanga kuposa njinga yongoyendera ku tchalitchi ndi ku msika.

Kwa amene mtima wakanirira pa kusawala, pali njira yapakati. Ngati penti wa ku fakitale akadali wolimba, akhoza kumukhakhalitsa pang'ono ndi sandipepa wofewa n'kupoperapo vanishi wosawala wa 2K, uja amalembedwa verniz mate. Kunyezimira kumatha, koma mtundu umatsala womwe uja uli mu livrete, ndipo njinga yofiira kapena yabuluu imaonekabe pa msewu. Palinso penti wowala pang'ono, wolembedwa acetinado kapena satin, amene savuta kutsuka ngati wosawala weniweni.

Kwa mlimi kapena wakabaza amene njinga yake ili ndi matayala otha, mabuleki ofooka kapena tcheni cholira, ndalama za penti zili kale ndi kolowera. Koma ngati zonsezi zili bwino, mapepala afunsidwa, ndipo pali sabata yoti njinga ipume, penti wosawala wopakidwa modekha amateteza chitsulo ndipo amakhala zaka.