Kodi Garu Wamng'ono Ayesedwe Liti Nthenda ya M'ciuno?

Masiku ano ku Senga Bay ndi malo ena a m'mbali mwa nyanja ku Salima anthu ali kuweta agaru akuru-akuru a mtundu wa Alsatian, Rottweiler ndi Boerboel, kuti azilonda nyumba za alendo ndi masitolo. Kamwana ka garu wotere kamagulidwa ndi ndarama zambiri, ndipo mwini amayembekeza kuti kadzamlondera zaka zambiri. Koma mitundu imeneyi iri ndi cilema cina cimene sicioneka kawiri-kawiri mwa agaru opepuka thupi monga athu a m'mudzi. Madokotala a ziweto amacichula hip dysplasia, ndiko kunena mfundo ya m'ciuno yosakula bwino.

Pfupa la nchafu liri ndi mutu wobulungira umene umalowa m'kadzenje ka pfupa la m'ciuno. Mwa garu wabwino mutuwo umakhala wothina, osagwedezeka. Mwa garu wa nthendayi umakhala wolobodoka, ndipo pakuyenda mapfupa awiriwo amakhuzana mpaka kudyana. Cimene cimanyenga ogula ndi ici: kagaru kamabadwa ndi ciuno cabwino ndithu, ndipo kulobodokako kumayamba kali kukula. Nthendayi ndi yakumtundu, siyopatsirana, ndipo sikuti wina wakalodza.

Tsono ayesedwe liti? Nthawi ziripo ziwiri. Yoyamba ndiyo pamene kagaru kakwana miyezi 4. Pa msinkhu umenewu dokotala angathe kukagoneka ndi mankhwala, kugwedeza mwendo ndi manja ace, ndi kukaunika ndi makina ochedwa X-ray. Njira yoyesera kulobodoka kwa mfundo pa ana a milungu 16 inakhazikitsidwa ku University of Pennsylvania ku America m'caka ca 1993. Yaciwiri ndiyo garu atakhwima mapfupa. Ku Britain, kumene nchito yoyesa ziuno za agaru inayamba mu 1965, salemba ciweruzo garu asanakwane miyezi 12. Ku America bungwe limene linayamba mu 1966 limadikira miyezi 24. Amene afuna kubereketsa garu wace ndi kugulitsa ana ayenera kuyesa kwaciwiriku asanamkweretse, pakuti cithunzi ca pa ubwana sicionetsa zonse.

Ena adzafunsa, nanga kudziwa msanga kuthandiza ciani ngati nthenda ndi yakumtundu? Kuthandiza kwambiri, makamaka pa kadyetsedwe. Ku America anayesa agaru 48 a mtundu wa Labrador, nalengeza zimene anapeza mu 1992. Theka la agaruwo linadya monga linafunira. Theka lina linapatsidwa magawo atatu okha mwa anai a cakudya comweco. Atakwana zaka 2, mwa agaru 24 odya mokhuta 16 anali ndi nthendayi, koma mwa 24 enawo anali 7 okha. Kwathu kuno ambiri amakondwa kuona kagaru konenepa, namakaunjikira nsima ndi mitu ya usipa kuti kakule msanga kaziopseza akuba. Kumeneko ndiko kukaononga. Nthiti zace zizimveka mukasisita ndi dzanja.

Musadikire tsiku loikika ngati muona zizindikiro izi pakati pa miyezi 5 ndi 12: kagaru kabvutika kudzuka m'mawa, kathamanga koponya miyendo yonse iwiri ya m'mbuyo pamodzi monga kalulu, kapena kakana kudumphira m'bwato ndi m'galimoto. Pitani kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu, kapena ku ofesi ya ziweto pa boma la Salima. Iwo ayambe kuona ngati si munga, nkhupakupa, kapena kugundidwa ndi njinga yamoto. Ngati pafunika kuunika, adzakuuzani dokotala wa ku Lilongwe, ulendo wa makilomita ngati 100.

Garu wopezeka ndi nthendayi asathamangitsidwe pambuyo pa njinga, ndipo asagone pa simenti yosayala kanthu. Kusambira kumampindulira, cifukwa madzi amanyamula thupi lace pamene minofu iri kulimba. Koma msambitseni pa doko loyera pamene pali anthu, osati m'mabango m'mene mumabisala ng'ona. Musampatse mankhwala a anthu monga brufen kapena panado mwa nzeru zanu. Brufen amaboola m'mimba mwa garu ndi kuononga impso.

Cinthu cimodzi musacisokoneze. Nthenda ya m'ciuno imadza pang'ono-pang'ono, garu ali kudya ndi kusewera. Koma garu amene wafa miyendo ya m'mbuyo m'masiku owerengeka, ali kucucha dobvu ndi kulephera kumeza, angakhale ndi ciwewe. Ameneyo musamgwire kukamwa, cotsani ana pafupi, mtsekereni, ndipo itanani mlangizi tsiku lomwelo.