ZOTUPA ZA MAFUTA PANSI PA KHUNGU

Anthu ambiri amene amabwera ku chipatala ndi chotupa chofeŵa pa mkono, pa pheŵa kapena pa msana amafunsa kuti, "Kodi mafutaŵa achokera m'magazi?" Funsoli ndi loyenera, ndipo yankho lake lili paŵiri.

Chotupa chimene chimaoneka kaŵirikaŵiri madokotala amachitcha lipoma. Ichi ndi mafuta amene aunjikana m'kathumba pansi pa khungu. Chimakula pang'onopang'ono, sichipweteka, ndipo mukachikankha ndi chala chimasuntha. Chimapezeka makamaka mwa anthu a zaka 40 mpaka 60, ndipo m'mabanja ena chimayenda ku mtundu. Si khansa ayi. Kuchuluka kwa kolesterolo, amene ndi mafuta oyenda m'magazi, sikudziŵika kuti ndiko kumachiyambitsa, ndipo kuonda sikuchithetsa. Dokotala akachichotsa chonse ndi kathumba kake sichibwerera kaŵirikaŵiri, koma china chikhoza kumera pa malo ena.

Koma pali zotupa zina zimene zimachenjezadi za kolesterolo. Izi ndi timadontho tachikasu pa zikope, ndiponso timabulu tolimba pa mtsempha wa kumbuyo kwa chidendene kapena pa mfundo za zala. Timabulu ta pa mitsemphati timasonyeza kolesterolo wochuluka wa chibadwa, amene amatseka njira za magazi nabweretsa nthenda ya mtima kapena kufa ziŵalo munthu akadali wamng'ono. Wokhala ndi zizindikirozi ayezetse magazi, pamodzi ndi ana ake ndi abale ake a bere limodzi. Mankhwala otsitsa kolesterolo alipo.

Fulumirani kupita ku chipatala ngati chotupa:

1. chikukula msanga, kapena chaposa masentimita 5, ngati dzira la nkhuku;
2. chili cholimba, chopweteka kapena chosasuntha;
3. chili m'bere, m'khosi, m'khwapa kapena m'mphechepeche, pakuti chikhoza kukhala cha TB kapena khansa;
4. chamera pomwe china chinachotsedwa.

Musacheke chotupa ndi lumo, kuchifinya kapena kutemerapo mphini. Kutero kumaloŵetsa tizilombo m'thupi, ndipo kumachedwetsa chithandizo.

Pofuna kuteteza mtima wanu, chepetsani nyama yonona ndi zokazinga, lekani fodya, ndipo idyani nyemba, nandolo, usipa, ndiwo zamasamba ndi nsima ya mgaiwa. Kumbukirani kuti chotupa chilichonse chachilendo ndi chofunika kuti a chipatala achione chisanakule.