Tsiku lathunthu pa chishalo: kuchoka ku Kalomwe kukafika ku Ulongwe

Tambala woyamba akamalira ku Kalomwe anthu ambiri amakhala akadali m'mabulangete, pakuti chisanu cha mwezi wa Juni ndi Julayi kuno kumapiri sichinyengerera munthu. Koma nthawi yomweyo abambo ndi anyamata ena amakhala atadzuka kale, akumangirira matumba a kachewere, nyemba kapena chimanga pa kaliyala wa njinga. Amakunga katunduyo ndi malegeni, kupopa matayala, kuyesa mabuleki, kenaka nkunyamuka kusanayere.

Ulendo wawo ndi wa ku Vila Ulongwe, likulu la boma la Angonia, lomwe pa nthawi ya Apwitikizi linkatchedwa Vila Coutinho. Kuchokera pachipata cha Kalomwe, chimene chayang'anizana ndi cha Dedza, pali mtunda wa makilomita pafupifupi 40. Kupita ndi kubwerera tsiku lomwelo ndiye kuti munthu wapalasa makilomita 80, theka lake ali ndi katundu wolemera kuposa mwini njingayo.

Popita zinthu zimakhalako bwino chifukwa Kalomwe ali pamtunda. Tauni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene palekezera nyanja yamchere, pomwe Ulongwe ali kunsiko. Komabe msewuwu si wosalala ngati bwalo la mpira. Munthu akatsika chitsikire kukafika pamlatho, kutsogolo kumakhala chitunda chikumudikira, ndipo apa ndi pamene amatsika nkuyamba kukankha, thukuta lili kamukamu ngakhale kukuzizira. Ndi chifukwa chake ambiri amayenda awiri kapena atatu. Pachitunda chovuta amaimika njinga imodzi nkukankhira limodzi inayo, akafika pamwamba nkubwerera kukatenga yotsalayo.

Dzuwa likamatuluka dziko lonse la Angonia limaonekera poyera. Kumbuyo kumakhala phiri la Dedza, lotalika mamita 2,198, ndipo chakumadzulo kumaoneka mapiri a ku Domwe kumene Angoni a kwa Maseko adakhazikika m'zaka za m'ma 1800. Dzina loti Angonia lidachokera kwa Angoni omwewo. Malire amene lero amagawa abale a mimba imodzi, ena ku Malawi ena ku Mozambiki, adachokera pa pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la m'chaka cha 1891.

Achikulire amene amapalasa msewuwu sayiwala kuti padali zaka zomwe munthu sakadayerekeza kuyendamo. Nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo itakula m'zaka za m'ma 1980, midzi yambiri ya ku Angonia idatsala mabwinja, eni ake atathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Dziko la Malawi lidasunga othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu adayamba kubwerera kwawo, ndipo njinga ndiyo idanyamula malata, mbewu, mapoto ndi ana. Mantha a mabomba okwirira pansi adatenga nthawi kuti athe: boma la Mozambiki lidalengeza m'chaka cha 2015 kuti malo onse odziwika kuti adali ndi mabombawa adayeretsedwa.

Masiku ano mdani wa wapanjinga ndi wina. Msewu umenewu ndi womwe amadutsamo magalimoto akuluakulu onyamula katundu pakati pa Tete ndi Lilongwe. Thiraki ikamadutsa mothamanga imabwera ndi mphepo yomwe imakoka njinga, ndipo njinga yolemedwa ndi matumba siimva kuwongoleredwa msanga. Odziwa msewu akangomva mkokomo kumbuyo amapatukira kumbali nkuima. Amati bola kuchedwa kumsika kusiyana ndi kupita ku Ulongwe atakunyamula pamachira. M'maiko onse awiriwa galimoto ndi njinga zimayenda kumanzere kwa msewu, choncho palibe chifukwa chodzikhululukira kuti munthu wasokonezeka atawoloka malire.

Vuto lina ndi la njinga zomwezo. Mabuleki akatha, ena m'malo mogula atsopano amaponda tayala ndi nsapato potsetsereka. Tayala likatha amalisoka kapena kulikulunga ndi malegeni. Sipoko imodzi ikaduka, zinzake zimatsatira chifukwa cha kulemera kwa katundu. Mwayi wake ndi woti pafupifupi pamalo pa malonda paliponse pamakhala wokonza njinga pansi pa mtengo, ali ndi pampu, masipanala ndi beseni la madzi lofufuzira pomwe chubu chabooka. Koma amene alibe pampu ndi zomatira zakezake, chubu chikamuphulikira patali ndi mudzi, amakankha mpaka dzuwa kupendeka.

Ku Ulongwe amafika chakum'mawa ndithu. Akagulitsa katundu amayamba apeza tiyi ndi buledi uja amamutcha pau, kenaka nkugula mchere, sopo, mafuta ophikira ndi makope a ana asukulu. Munthu wa m'malire ayenera kukhala wakuthwa pa masamu, popeza amagulitsa mu metikali koma zina kwawo amakagula mu kwacha. Ena amapezerapo mwayi wokaona odwala kuchipatala kapena kukatsata za ziphaso kumaofesi a boma.

Nthawi zina pamsewu womwewu pamadutsa alendo ochokera maiko akutali, nawonso ali panjinga, koma zawo zimakhala za magiya ambiri, zikwama zitalendewera uku ndi uku, tenti ali kumbuyo. Iwowa sakhala pa malonda ayi, amangoyenda kuona dziko, ndipo kuti akafike ku Tete, mtunda wopitirira makilomita 250 kuchokera pachipata, amagona panjira masiku angapo. Ana amawathamangira akukuwa, akuluakulu nkumadabwa kuti munthu angadzivutitse chotere popanda chogulitsa. Komatu pachitunda onse amapuma wefuwefu mofanana. Mlendo wotere akapempha madzi kapena pogona, ndi bwino kumuperekeza kwa amfumu monga mwa mwambo wathu. Paja mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Ulendo wobwerera ndi umene umayesa munthu. Katundu amakhala wapepuka koma miyendo yalema, ndipo zitunda zonse zimene zidali zotsetsereka m'mawa tsopano zimafuna kukweredwa. Amene wachedwa ndi macheza kapena botolo ku Ulongwe, mdima umamupeza panjira, njinga ilibe nyale, malaya ali akuda, kotero kuti woyendetsa galimoto amamuona atafika kale pafupi.

Anthu ozolowera ulendowu amalangiza achinyamata zinthu zochepa koma zofunika: kunyamuka ku Ulongwe dzuwa likadali pamutu, kusintha mabuleki asanatheretu, kumata zonyezimira kumbuyo kwa njinga, ndi kusamwa mowa usanafike pakhomo. Kunyumba mayi ndi ana amakhala akumvetsera kulira kwa belu kumpanda. Likalira, ndiye kuti mchere wafika, bambo wafikanso wamoyo, ndipo Loweruka likubwerali njinga ija idzasenzanso matumba.