Kulipira Makina Musanawaone



Ambiri a inu munaonapo chikho chimene sukulu yanu inapata pa mpikisano wa mpira kapena wa kwaya. Mwina chili mu ofesi ya a hedi, pamwamba pa kabati. Mukadzachionanso mudzayang'anitsitse kachitsulo kamene kali patsinde pake. Pamenepo pali dzina la sukulu ndi chaka, ndipo malembawo safufutika ngakhale muwapukute ndi nsalu yonyowa, pakuti sanalembedwe ndi inki kapena penti. Anachita kuzokotedwa m'chitsulo momwemo. Alipo anthu amene amadyera ntchito imeneyi, ndipo lero tikambirana za vuto lina lalikulu limene iwo amakomana nalo asanazokote ngakhale chilembo chimodzi.

Mukachoka ku Cairo Road ndi kuoloka njanji pa mlatho wa Independence Avenue, mwafika ku Kamwala. M'masiku a atsamunda malowa ankatchedwa Second Class, ndipo ndiko amalonda achimwenye anamanga masitolo awo. Mpaka lero anthu amapitako kukagula nsalu, mapoto, nsapato ndi mayunifomu. Pakati pa masitolo akuluakuluwo, ndiponso m'tauni ndi m'misika ya m'makomboni, mumapezeka timasitolo tating'ono ta anthu opanga zidindo, mabaji a maina, zikwangwani za pamakomo a maofesi, manambala a pamageti a ku Woodlands ndi ku Kabulonga, ndi timapuleti ta pamanda.

Wosema ziboliboli wa ku Kabwata Cultural Village ali ndi mwayi umodzi: kasemasema ndi mpeni wake amazigula atazigwira m'manja. Wozokota malemba alibe mwayi wotere. Akale ankagwiritsa ntchito makina a mikono yolumikizana, otchedwa pantograph. Dzanja linkatsata chilembo chachikulu chachitsanzo, ndipo kansonga kozungulira kankadula chilembo chomwecho, koma chaching'ono, pa chitsulo. Masiku ano ambiri amafuna makina a laser, amene amazokota ndi kuwala kwamphamvu kolunjikitsidwa pa kadontho kamodzi, molamulidwa ndi kompyuta. Mtundu wake wofala, wa mpweya wa CO2, anautulukira Kumar Patel ku America mu 1964. Makinawa amachokera kunja, ambiri ku China, makamaka ku mzinda wa Jinan, ndipo ena amadzera kwa amalonda a ku Johannesburg. Tsono wogulitsa amanena mawu amodzi kwa aliyense: yambani mwalipira, makina abwera pambuyo.

Tisafulumire kumuda wogulitsayo. Nayenso ali ndi mantha ake. Ndipotu wozokota wa ku Kamwala amachita chimodzimodzi kwa a hedi anu. Amafuna dipoziti asanalembe dzina la sukulu pa chikho, chifukwa chikho cholembedwa kale dzina la sukulu ya ku Chelstone sangakachigulitsenso ku sukulu ya ku Kabwata. Koma taonani kusiyana kwake. A hedi akaona kuti zikho zachedwa, amakwera basi, nafika pasitolo, naima pakhomo mpaka atathandizidwa. Nanga wozokotayo adzakwera basi iti yopita ku Jinan?

Mfundo yaikulu ya phunziro lathu ndi iyi. Munthu amene walipira katundu asanamulandire, sanagule kanthu ayi, wangokongoza ndalama. Ndipo wakongoza mwa njira imene ngakhale wakaloba wa m'komboni sangalole. Wakaloba amayamba watenga chikole, kaya ndi wailesi yakanema kaya ndi firiji, ndipo amalandira chiwongoladzanja. Wolipiriratu makina alibe chikole, salandira chiwongoladzanja, ndipo kawirikawiri wamkongoleyo sanamuonepo nkhope. Ndalama zili m'thumba mwake, iye ndiye anali bwana, ndipo wogulitsa ankayankha uthenga uliwonse msangamsanga. Ndalama zikangochoka, ubwana umachoka nazo. Makolo athu ankati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo.

Anthu akamva nkhani imeneyi amayamba kuganiza za mbala. Mbala zilipo ndithu, ndipo tizitchula. Koma chimene chimagwetsa ambiri si kuba, ndi kuchedwa. Ndikupatseni chitsanzo cha kudziko lolemera, kuti musaganize kuti zimenezi zimagwera ife tokha. Mu 2015 kampani ya Glowforge, ya mumzinda wa Seattle ku America, inalengeza makina a laser aang'ono oika patebulo. M'masiku 30 okha anthu analipiriratu madola pafupifupi 28 miliyoni, atalonjezedwa kuti makina oyamba adzatumizidwa mu Disembala chaka chomwecho. Tsikulo linasunthidwa kangapo, ndipo ambiri analandira makina awo mu 2017 ndi mu 2018. Kampaniyo sinabe munthu; ofuna ndalama zawo inkawabwezera, ndipo makinawo anafikadi. Koma amene anali atachita kale lendi chipinda ndi kulonjeza anthu ntchito, zaka ziwiri zimenezo anazimva m'thumba.

Kwa ife kuno kuchedwa kuli ndi makomo ambiri, pakuti Zambia alibe nyanja. Bokosi likatuluka mufakitale limadikira sitima yapamadzi, limayenda milungu ingapo panyanja, limadikira padoko la Dar es Salaam, ndipo kuchokera kumeneko liyenda pa lole makilomita pafupifupi 2,000, kudzera pachipata cha Nakonde, kuti lifike mu Lusaka. Ena amadzeretsa katundu wawo ku Durban, ku Beira kapena ku Walvis Bay, koma njira iliyonse ili ndi doko ndi chipata chake. Pachipata pali a Zambia Revenue Authority, amene amafuna msonkho, kuphatikizapo VAT ya 16 pa 100. Wogula amene anatumiza ndalama zake zonse kwa wogulitsa amapezeka alibe chowombolera katundu wake, ndipo tsiku lililonse limene bokosi likhala mosungiramo katundu limaonjezera ngongole.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Tiyerekeze kuti bambo wina wakongola ndalama zogulira makina, ndipo chiwongoladzanja chake ndi K3,000 pamwezi. Wachita lendi kasitolo ku Kamwala pa K2,500 pamwezi. Anauzidwa kuti makina afika pakatha miyezi 2, koma afika pakatha miyezi 6. Miyezi 4 yoonjezerayo yamudyera K5,500 kanayi, ndiyo K22,000. Ngati pa chikho chilichonse amapindula K50, ayenera kuzokota zikho 440 kuti angobweza zimene zinatayika podikira. Ndipo ngati anali atalandira kale dipoziti ya sukulu, ndiye kuti anagula mbereko mwana asanabadwe. Tsiku la masewero lafika, ana opambana ali pamzere, zikho palibe. Sukulu imeneyo sidzabweranso kwa iye, ndipo a hedi amauzana.

Nthawi zina makina amafika pa nthawi yake, koma osakhala amene munthu amafuna. Apa mpofunika kudziwa pang'ono za sayansi yake. Laser ya CO2 imazokota bwino matabwa, chikopa, galasi ndi pulasitiki yolimba yoonekera, koma pa chitsulo chosapakidwa kanthu sichita bwino. Wofuna kulemba pa mkuwa kapena pa chitsulo chosachita dzimbiri amafunika mtundu wina, wotchedwa fibre laser. Pa chithunzi cha pafoni, munthu wosadziwa sangasiyanitse. Ndiponso magetsi athu ndi a mavoti 230, pamene makina opangidwira ku America ndi a mavoti 110 kapena 120. Mtima wa makina a CO2 ndi chubu chachitali chagalasi, chimene chimazizira ndi madzi, ndipo galasi ndi msewu wa Nakonde sizigwirizana kwenikweni. Bokosi likatsekulidwa chubu chili chosweka, wogulitsa amaloza wa sitima, wa sitima amaloza wa lole, ndipo onsewo analipidwa kale. Kubweza makina olemera chotero ku China kungadye ndalama zochuluka mwakuti ambiri amangowakankhira pakona ndi kuwafunditsa chitenje.

Tsopano za mbala. Ena amatsegula tsamba pa Facebook, naikapo zithunzi za fakitale ya eni ake, natchula mtengo wotsika kwambiri, nati mtengowo utha Lachisanu. Amafuna ndalama zitumizidwe pafoni kapena ku akaunti ya dzina la munthu, osati ya kampani. Ena ndi ochenjera koposa: amalowerera makalata a pa intaneti a kampani yeniyeni, nalembera wogula kuti akaunti yathu yasintha, tumizani kuno. Musaganize kuti opusitsidwa ndi osaphunzira okha. Mu 2022 boma la Malawi, kudzera m'bungwe lake logula feteleza, linalipiriratu ndalama za dzikolo pafupifupi K750 miliyoni ku kampani ya ku Britain yotchedwa Barkaat Foods, imene inapezeka kuti ntchito yake ndi yogulitsa nyama. Feteleza sanabwere, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho Pulezidenti Lazarus Chakwera anachotsa nduna ya zaulimi, a Lobin Lowe. Boma lili ndi maloya ndi akazembe olondola ndalama zake kutsidya kwa nyanja. Mayi amene watapa gawo la 20 pa 100 la ndalama zake za ku NAPSA, monga lamulo lalolera kuyambira mu 2023, alibe kazembe.

Palinso kampani yoona mtima imene imagwa ndalama zanu zili m'kati. Katundu wake akagulitsidwa, amayamba kulipidwa ndi amene anali ndi chikole, monga mabanki. Wolipiriratu amakhala kumapeto kwa mzere, ndipo nthawi zambiri mphika umatha asanafikepo.

Wina adzati: koma kwacha ikhoza kugwa, ndikachedwa kulipira makina akwera mtengo. Mawu amenewa ndi oona, ndipo sindiwapeputsa. Mu 2015 dola imodzi inayamba chaka ili pa K6 ndi mangwee ake, koma chaka chisanathe inapitirira K12. Amene anali ndi ngongole ya madola anaona ngongoleyo ikuwirikiza kawiri ali chigonere. Komabe mankhwala a nthenda imeneyi si kupereka ndalama zonse kwa mlendo. Chichotsereni malamulo oletsa ndalama zakunja mu 1994, munthu akhoza kutsegula akaunti ya madola ku banki ya konkuno. Agule madolawo lero, awasunge m'dzina lake, ndipo adzawatumize pamene nthawi yake yakwana.

Nanga nthawi yake ndi iti? Amalonda ozolowera salipira kamodzi. Mwambo wofala ndi kupereka 30 pa 100 poyamba, ndipo 70 yotsalayo pamene makina apangidwa. Wochenjera amalimbikira kuti gawo lachiwirilo alipire ataona umboni: makina ake enieniwo akuzokota dzina limene iye watchula, pa chitsulo cha mtundu umene iye adzagwiritsa ntchito, ndiponso chikalata cha kampani ya sitima chosonyeza kuti bokosi lakwezedwa, chimene amalonda amachitcha bill of lading. Pa katundu wa ndalama zambiri pali letter of credit, ndiyo kalata imene banki imalonjeza kuti idzalipira wogulitsa pokhapokha ataonetsa zikalata zoyenera. Banki imalipiritsa ntchito imeneyi, ndipo kwa wa kasitolo kakang'ono mtengowo umawawa. Misika ina ya pa intaneti, monga Alibaba, ili ndi njira yobwezera wogula ngati katundu sanatumizidwe monga mwa pangano, koma imateteza yekhayo amene walipira kudzera mumsikamo. Wogulitsa akati tiyeni tikambirane pambali pa WhatsApp ndikuchotsereniko pang'ono, ndiye kuti akukutulutsani mumpanda.

Ine maganizo anga ndi akuti woyamba kumene ntchitoyi achita bwino kugula makina ake oyamba kwa wamalonda wa mu Lusaka momwemuno, ngakhale mtengo ukhale wokwererapo, kapena kugula ogwirapo kale ntchito amene wawaona akuzokota ndi maso ake. Ndalama zoonjezerazo ndi mtengo wa khomo loti nkugogodapo. Dzina la kampani ya kuno likhoza kufufuzidwa ku PACRA, kumene makampani amalembetsa. Zikavuta pali bungwe la Competition and Consumer Protection Commission, limene limagwira ntchito pansi pa lamulo la 2010, ndiponso Small Claims Court, kumene munthu amadzinenera yekha mlandu popanda loya. Koma onsewa adzafunsa pepala: lisiti, mtundu ndi mphamvu ya makina, tsiku lofika, ndi chimene chidzachitike tsikulo likapitirira. Pangano lapakamwa, ngakhale ndi mnzanu wa mumpingo kapena wa m'chilimba, silikwanira. Ndipo mphamvu ya mabungwe amenewa imathera pamalire a Zambia.

Aphunzitsi, ana a Giredi 5 ndi 6 mukhoza kuwapatsa samu iyi pabolodi. Makina ndi a madola 4,000. Mayi Phiri a m'samu yathu alipira zonse tsiku loyamba. Mayi Banda alipira 30 pa 100, nasunga zotsalazo ku banki. Wogulitsa wasowa. Aliyense wataya madola angati, ndipo Mayi Banda atsala ndi angati oyambiranso? Akatha kuwerengera, agaweni awiriawiri, wina akhale wogulitsa wina wogula, ndipo alembe pangano la mizere isanu limene onse awiri angalolere kusainira. Mudzaona kuti mkangano waukulu udzabuka pa mzere wonena za amene adzalipire chubu chikasweka panjira.